Tsiku Limene a Davide Anakwera Padenga la Kombi

Pa nyumba ina yosanja ya ku Doornfontein, ku Joni, yakale, ya makoma odetsedwa ndi utsi, panali mlonda amene anthu ankamudziwa ndi chinthu chimodzi chokha: sankayankhula. Ukamupatsa moni, "Yebo." Ukamufunsa ngati madzi abwera lero, "Yebo," kapena kungopukusa mutu basi. Ankamutchula kuti Madala Maluleke, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti ndi Mshangani wa ku Giyani. Anawauza ndani? Palibe. Wina kalekale anamva Chizulu chake chokhotakhota, chodzaza Chifanakalo cha kumigodi, n'kunena kuti ameneyu ndi Mshangani, mwini wakeyo osatsutsa. Dzina la Maluleke linali la mnzake wa kumgodi amene anamupezera ntchitoyo, ndiye linangomumatirira.

Koma munthuyu, abale, anali a Davide Kachingwe a ku Bembeke, ku Dedza. Anabwera ku Joni ndi Teba ali mnyamata, mgodi utatsekedwa sanabwerere kumudzi, ndipo tsopano imvi zinali mbuu mutu wonse.

Ntchito yawo inali kutsegula ndi kutseka geti, kusesa masitepe ndi kutulutsa mabini. Malipiro ake tisanene n'komwe, koma ntchitoyo inkabwera ndi kachipinda ka pansi pa masitepe, kokhala ndi bedi, chitofu chamagetsi ndi chitseko chokhoma. Kwa munthu wa msinkhu wawo ku Joni, kachipinda kotero ndi moyo. Ndipo kuti kachipindako kakhalebe kawo, pakamwa pankayenera kukhala potseka, chifukwa chaka chathachi komiti ya anthu okhala m'nyumbamo inagamula kuti alendo onse ochokera kumaiko ena atuluke. Wapampando wake, Zweli Ngcobo, chimunthu cha khosi lonenepa chimene chinkayimbira mpira kumalokeshoni Loweruka ndi Lamlungu, anayenda m'makonde akuliza wezulo yake yakumpirayo, khomo ndi khomo. A Davide ndi amene anatsegulira geti banja lina la ku Mulanje likutuluka, matiresi ali pamutu, mayiyo akutukwana m'Chichewa. Anamva liwu lililonse, koma nkhope yawo sinasinthe.

Chimene komitiyo sinkadziwa n'chakuti m'kati mwa munthu wosayankhulayu munali wayilesi yathunthu. Ali mwana ku Bembeke mpira sankautha. Akaumenya unkakagwera m'munda wa kachewere wa eni ake. Anzawo atatopa nawo, iwo anadzipezera malo pa chulu cha m'mbali mwa bwalo, atasomeka chitini chobowola pa ndodo, n'kumaulutsa mpira wachikulunga ngati ndi wa pa sitediyamu ku Blantyre. Akuluakulu ochokera kudimba ankatula makasu n'kuima kuti amve. Ankati mwanayu adzamveka pa wayilesi, ndipo mwanayo ankakhulupirira. Koma kunyumba kunkafunika malata, osati mawu, ndiye anakalembetsa ku Teba.

Munthu mmodzi yekha ku Joni ndiye ankamva Chichewa chawo: Consolata, mwana wa mlongo wawo, amene ankakazinga tchipisi pafupi ndi msika wa ku Yeoville. Ku Doornfontein anamuletsa kupondako. Iwo ndiwo ankapita kwa iye Lamlungu akapuma, n'kukhala pa mpando wapulasitiki m'chipinda chake chalendi, kuonera mpira pa kanema amene mawu ake anafa kalekale.

Lamlungu lina Consolata ali panja kutsuka mbale anamva mpira ukuulutsidwa m'chipinda mwake, m'Chichewa. Anadabwa kuti wakonza kanema uja ndani, nanga ndi siteshoni iti ya kuno ingayankhule chinenero chakwathu. Atasuzumira pakhomo anangoti kakasi. Amalume ake anali atawerama kutsogolo, rimoti ili pakamwa, mawu akutuluka osapunthwa ngakhale pamodzi.

"Amalume! Ndinu?"

A Davide anadzidzimuka, rimoti n'kugwa pansi. "Tseka chitseko, iwe. Anthu amva."

"Amve kumene! Mayo ine, thupi lonse lachita tsemwe. Zaka zonsezi mwakhala mukubisa zimenezi?"

"N'zachibwana izi. Zinatha kalekale."

Consolata pakamwa pake sipasunga kanthu. Sabata isanathe nkhani inali itafika kwa Chilekwa, bambo wa ku Lusaka wobwereketsa masipika pa maukwati, mwini kombi yoyera ya magalasi akuda. Chilekwa ndiye ankakonza mpira wa chaka ndi chaka wa pakati pa Amalawi ndi a ku Zambia okhala ku Yeoville, umene umaseweredwa Lamlungu loyandikana ndi pa 6 Julaye. Woulutsa sanakhaleko chiyambire. Ankangoika nyimbo, mpira n'kumaseweredwa ngati kumalo omwera mowa.

"Ba mudala," anatero Chilekwa atawapeza kwa Consolata, "namvela ati muli na mulilo mukamwa. Tifuna imwe pa Sande ija."

A Davide anakana. Lamlungu lotsatira anakananso, mpaka kumukalipira Consolata kuti akufuna kuwagoneka mumsewu. "Yeoville ndi Doornfontein n'kufupi, mwanangu, munthu amayenda wapansi. Wina akandiona, ndikagona kuti?" Koma akabwerera ku masitepe awo, tsache lili m'manja, ankangozindikira kuti milomo ikuyenda yokha, ikupatsirana mpira kuchoka pansi mpaka nsanjika yomaliza. Tulo tinayamba kuwavuta. Pomaliza anavomera, koma ndi malamulo awo: akhala m'kati mwa kombi magalasi ali otseka, wina asawajambule, ndipo dzina lawo lisamveke.

Tsikulo kunazizira kuzizira kwa Julaye wa ku Joni, kamphepo kouma kong'amba milomo. Bwalo lake linali la udzu wouma ndi fumbi, lopanda mipando, lopanda mpanda. Chilekwa anaimika kombi m'mbali, molunjika mzere wapakati, masipika uku ndi uku, chingwe cha maiki atachilowetsa pa windo. A Davide analowamo anthu asanabwere, atavala jasi lawo lakuda la ulonda, n'kukhala pa mpando wapakati. Kudzera m'galasi lakudalo bwalo lonse linkaoneka bwinobwino, pomwe wapanja sankaona kanthu m'katimo. Mtima unkagunda, koma kunali kugunda kokoma.

Tsono mpira umenewu uli ndi mwambo wake. Amalawi sakhulupirira woyimbira wa ku Zambia, a ku Zambia sakhulupirira Mmalawi, ndipo chaka china zinathera zibakera. Kuyambira pamenepo anagwirizana kuti woyimbira azikhala mwini dziko, wosamva chinenero cha mbali iliyonse, kuti ngakhale amutukwane asakwiye. A Davide mwambowu sankaudziwa, poti kumisonkhano ya Amalawi sankapondako. Consolata ankaudziwa, koma nkhope ya wapampando wa ku Doornfontein anali asanaionepo. Chilekwa anangoimba foni kwa munthu amene anzake anamuuza kuti amayimbira bwino.

Takisi inaima mumsewu, ndipo munatuluka anthu atatu. Wakutsogolo anali ndi khosi lonenepa, malaya achikasu, wezulo ikulendewera pachifuwa. Awiri enawo, onyamula timbendera, anali anyamata a m'nyumba yomwe ija, amene a Davide ankawatsegulira geti m'mawa uliwonse.

A Davide anamuzindikira Ngcobo pomwepo. Anatsetsereka pa mpando mpaka mawondo anagunda pansi. Nthawi yomweyo Chilekwa anakoka chitseko cha kombi, ali mwetumwetu. "Ba mudala, lifali wabwela. Dzina yake ni Zweli Ngcobo, muzaitomola."

"Tseka! Tseka chitsekocho! Ndiitanire Consolata."

Consolata anabwera akupukuta mafuta m'manja, n'kuika khutu pa kampata ka windo.

"Ndi yemwe uja," a Davide ananong'ona. "Wapampando uja. Wa wezulo."

"Yesu Maria!" Consolata anagwira pakamwa. "Tiyeni tizipita, amalume. Ndikufundikani chitenje, mutulukire mbali inayi, palibe akuoneni."

A Davide anayang'ana maiki ili pa mpando. Inali yakuda, yolemera, yeniyeni, yoyamba kuigwira chibadwire. Anaganiza mofulumira. Ngcobo anamvapo chiyani kuchokera pakamwa pawo? "Yebo" basi. Mawu awo enieni sankawadziwa. Magalasi anali akuda. Akangokhala m'katimo mpaka anthu atabalalika, ndani angadziwe?

"Pita ukakazinge tchipisi," anatero. "Ungoonetsetsa kuti chitsekochi chisatsegulidwe."

Wezulo inalira, yomwe ija ya m'makonde. Mpira unayenda uku ndi uku masipika ali zii. Chilekwa anagogoda pa galasi. A Davide anakankha kabatani ka maiki.

"Moni Amalawi, moni a Zambia, moni nonse amene mwathawa mapoto ndi mafosholo a mabwana anu kudzaona ana anu akuthamanga!" Mawu ananjenjemera pang'ono, kenako anagwira njira. Woulutsa aliyense amayamba ndi kutchula dzina lake ndi kwawo. Iwo pamenepo anangodumphapo. "Mpira uli kwa Omega, Omega wopenta nyumba za azungu ku Sandton, lero akupenta udzu! Wamudyetsa njomba Mwape, Mwape wakhala pansi, akufunsa njira yobwerera ku Chipata! Omega yekhayekha, Omega ndi goloboyi, Omega... aaa! Wauponya kumwamba mwana wa eni ake, mpira wapita kukagula tomato kumsika!"

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Anthu anatembenuka kufunafuna mwini mawuwo, koma ankangoona kombi yotseka. Amayi ena anaimika nkhani zawo pakati. Bambo wina wa chipewa cha ubweya anakhala pansi pa fumbi pomwepo, akupukuta m'maso, akuti chichokereni kumudzi sanamvepo zotere. Mafoni anatuluka m'matumba. "Uli kuti iwe? Siya zimenezo, bwera udzamve wekha!" Anthu anayamba kutuluka m'zipinda zalendi, ena kumsika, ena kutchalitchi mabaibulo ali m'khwapa. A ku Zambia atagoletsa, a Davide anakuwa chigolicho mokoma moti ngakhale Amalawi anaiwala kukwiya.

M'kombimo munkatentha tsopano, jasi linali litanyowa ndi thukuta. Koma ha, kukoma kwake! Zaka zonse zija za "Yebo" zinkatuluka pakamwa mothamangitsana, ndipo a Davide ankafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Chigawo choyamba chitatha, Ngcobo anabwera kudzamwa madzi, ndipo pa malo onse a pabwalopo anasankha kutsamira pa kombi, pa galasi lomwe lija. Msana wake wachikasu unaphimba windo lonse. A Davide anadzipanikiza pa mpando. Ankaona mizere ya thukuta pa khosi la munthuyo, ndi chingwe cha wezulo. Kenako Ngcobo anatembenuka, n'kuika manja m'mbali mwa maso kuti asuzumire m'katimo.

"Heyi, baba!" anakuwa m'Chizulu, akugogoda galasi. "Sindikumva zomwe ukunena, koma ukuotcha! Tsegula ndikugwire chanza."

Dzanja lake linali litafika kale pa chitseko pamene Consolata anatulukira ndi mbale ya tchipisi, n'kulowa pakati pa munthu ndi kombi. "Akupumitsa khosi, bhuti, safuna mphepo. Idyani izi zikadali zotentha." Ngcobo anaseka, analandira mbaleyo, n'kuchoka akutafuna. A Davide anapeza kuti maiki anaifinya mpaka zala zachita dzanzi.

Vuto linabwera kuchokera kumene sankaliyembekezera. Anthu amene anaitanidwa ndi mawu a a Davide aja anafunika poima, ndipo aliyense ankafuna kuima pafupi ndi masipika. Chigawo chachiwiri chikuyamba, kutsogolo kwa kombi kunali khamu, mizere pamwamba pa mizere. A Davide akayang'ana m'galasi ankangoona misana, majekete, mabulangete ndi ana obebedwa. Bwalo linasowa.

Chilekwa ndi Consolata anayesa kukankha anthu. Ukachotsa awa, ena abwera. Kusuntha kombi sikukanatheka, inali itazingidwa mbali zonse. A Davide anayesa kuimirira, anayesa kugwada, anayesa galasi lakutsogolo, koma konse kunali misana. Anayamba kuulutsa motsatira phokoso. Anthu akakuwa, iwo ankati mpira wafika kugolo. Koma phokoso limanama.

"Omega akuthamanga nawo, Omega..."

"Omega wake uti?" wina anakuwa. "Omega watuluka kalekale, ali apa akumanga bandeji!"

Kuseka kwa ulendo uno kunali kwina. "Wagona ameneyo!" "Waledzera m'kombimo!" "Chilekwa, ika nyimbo, atinamiza mokwanira!" A Davide anayesanso, n'kunena kuti ndi kona pomwe unali mpira woponya ndi manja. Anthu anawawowoza. Kenako a Davide anatsitsa maiki, ndipo masipika ankangolira mphepo.

Chilekwa analowa pa mpando wa dalaivala, n'kutembenuka. Chala chake chinali pa batani la nyimbo. "Ba mudala, mwayesa. Manje niike chabe nyimbo?"

Ndipo zinali zophweka, abale. Kungogwedeza mutu basi. Nyimbo zikanalira, mpira ukanatha, anthu akanabalalika, iwo akanatuluka mwakachetechete n'kukafika ku Doornfontein Ngcobo asanafike, n'kumutsegulira geti. Bedi, chitofu, chitseko chokhoma, zonse zikanakhala zawo mpaka tsiku lodzawanyamula kupita nawo kumanda. Ndipo Amalawi a ku Yeoville akanamakumbukira kuti chaka china m'kombi munali chidakwa chimene chinayamba bwino n'kuthera kubwebweta. Zimenezi ndi zimene zinawawawa a Davide, kuwawa kofika m'mafupa. Mpira anali asanaunamizepo chibadwire. Ku Bembeke sankaulutsira kuseri kwa misana ya anthu. Ankakwera pa chulu.

"Chingwe cha maikiyi chingafike padenga?"

Chilekwa anawayang'ana, n'kuyang'ana kudenga. "Chifika. Makwelelo yali kumbuyo, yokwezela masipika."

Consolata, amene ankamvetsera pa windo, anatsegula chitseko pang'ono n'kulowetsa mutu. Nkhope yake inali itasintha. "Amalume, ayi. Ayi ndithu. Ndine ndinakuputirani zimenezi, ndikhululukireni, koma musatuluke. Munandifunsa nokha kuti mukagona kuti. Mukagona kuti?"

"Sindikudziwa, mwanangu."

"Ndiye khalani pansi!"

"Ndakhala pansi mokwanira. Tandigwirira maikiyi, undipatsire ndikafika pamwamba."

Anatsika. Mphepo inawamenya pa thukuta. Anthu oyandikira anatembenuka n'kudabwa kuona kankhalamba ka jasi lakuda kakutuluka m'kombi, kakuzungulira kumbuyo. Makwerero anali achitsulo, ozizira, ndipo mawondo a a Davide analira pa sitepe iliyonse. Pakati phazi linaterereka, amuna awiri n'kuwagwira m'chiuno, kuwakankhira m'mwamba. Anakwawa pa kaliyala, anagwada, kenako anaimirira. Consolata anawapatsira maiki, misozi ili m'masaya.

Bwalo lonse linali pansi pawo, kuchoka golo mpaka golo, fumbi likuwala ndi dzuwa. Ndipo pakati pa bwalopo munthu wa malaya achikasu anali ataima nji, akuyang'ana padenga la kombi. Jasi limenelo ankalidziwa. Wezulo inagwa pakamwa pake n'kulendewera pachifuwa.

Kumbuyo kwake wotchinga wa ku Zambia anaugwira mpira ndi dzanja, poyera, m'bokosi. Amalawi onse anakuwa penate. Woyimbira sanaone kanthu, maso ake anali pa kombi. Anthu anayamba kulowa m'bwalo, ena atatola kale miyala.

A Davide anakweza maiki. "Bwererani, bwererani, abale anga! Oyimbira athu aona mzukwa, muwakhululukire, munthu akaona mzukwa saona dzanja! Mpira ukupitirira, uli kwa Nkonde, Nkonde akuthawa nawo ngati waba!"

Anthu anaseka, miyala inagwa pansi, ndipo amene analowa m'bwalo anabwerera chothamanga kuti asaphonye. Ngcobo anatola wezulo yake n'kuyamba kuthamanga, koma pakapita kanthawi ankacheukanso. Mmodzi wa anyamata a timbendera aja anali atatulutsa foni, ataloza padenga. A Davide anaiona foniyo. Anadziwa tanthauzo lake. Koma pakamwa sipanaime.

Anaulutsa ngati mawa kulibe. Suwedi, goloboyi wa Amalawi, telala wa ku Fordsburg, atagwira mpira woopsa, anati wausokerera pachifuwa ndi ulusi wa bwana wake. Mwape atagwanso, anamupempha kuti angobweretsa mphasa. Ndipo nthawi itatsala pang'ono kutha, Shalom, kamunthu kowonda kotsuka magalimoto, kanalandira mpira m'mbali, kanadutsa mmodzi, kanadutsa wachiwiri.

"Shalom walowa, Shalom walowa m'bokosi, goloboyi watuluka, Shalom wayang'ana, waumenya... chigoliiiii! Chigoli, mayi wanga ine! Ukonde wagwedezeka! Imbani foni kumudzi, auzeni kuti ana awo ali moyo ku Joni kuno!"

Fumbi linakwera kumwamba. Amayi analuluta, amuna osadziwana anakumbatirana, kombi inagwedezeka moti a Davide anachita kugwira kaliyala. Mpira unatha chigoli chimodzi kwa chimodzi, ndipo palibe anadandaula.

Anawatsitsa ndi manja ambirimbiri. Aliyense ankafuna kuwagwira chanza, aliyense ankafunsa kuti bambowa ndi a kuti, anali kuti nthawi yonseyi. Kenako khamulo linapatuka. Ngcobo ankabwera, anyamata ake awiri ali pambuyo.

Anaima patsogolo pawo, akupumira m'mwamba, n'kuwayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuimvi. "Madala," anatero m'Chizulu. "Kani umayankhula?"

"Yebo," anatero a Davide.

Ngcobo anapukuta khosi ndi dzanja. Sankaoneka wokwiya kwenikweni, ankaoneka ngati munthu amene wapatsidwa katundu wosamufuna. Anatsitsa mawu. "Ndikanakhala ndekha, mwina ndikanati sindinaone. Koma anyamatawa atumiza kale kanema pa gulu la nyumba yathu. Foni yanga ikungolira m'thumbamu. Ndinatulutsa anthu ndi ana awo, Madala. Ndikakusiya iwe, andidya ine." Anatambasula dzanja. "Makiyi. Katundu wako udzatenge mawa masana ine ndilipo, palibe adzakukhudze."

Consolata anayamba kulira mokweza. Amuna ena amene anamva Chizulucho anayandikira, nkhope zitachita mdima, ndipo wina anati, "Kodi si ameneyu anathamangitsa anthu ku Doornfontein?"

"Musiyeni," anatero a Davide m'Chichewa, atakweza dzanja. "Wabwera kudzayimbira mpira, ndipo wayimbira. Apite bwino."

Makiyiwo anali pa chingwe cha nsapato m'khosi mwawo, m'kati mwa malaya. Anawavula, chingwe n'kukola khutu, anachimasula, n'kuwaika m'dzanja la Ngcobo. Anali ofunda ndi thupi lawo. Pa chingwe chomwecho panali kiyi ya geti, ya kumabini, ndi kakang'ono ka chipinda cha pansi pa masitepe.

Ngcobo anawafumbata. Anayamba kuchoka, kenako anatembenuka. "Nanga dzina lako lenileni ndani?"

A Davide asanayankhe, Chilekwa anatulukira akukanda m'mutu, wamanyazi. "Ba mudala, pepani. Ya ma veterani ifuna kuyamba, bamadala balowa kudala mu gilaundi. Bantu bakana kuyenda. Koma ngati simungakwanise, nizamvela."

Zoonadi, m'bwalo munali mutalowa akuluakulu a mimba zawo, akudziwongola, wina atadzipereka kuyimbira. Khamu silinasunthe. Maso onse anali pa kombi.

"Mukagona kwanga, amalume," anatero Consolata akusisima. "Ndiyala pansi, inu mugona pabedi. Tiyeni tizipita."

A Davide anamugwira paphewa. "Ndikuopa, mwanangu, ndisakunamize. Pa msinkhu uno ndilibe khomo, ndilibe ntchito. Mawa likundiopsa kwambiri." Anapuma kaye, n'kuvula jasi lija, kumupatsa. "Tandigwirira ili, likundilemera pokwera."

Ulendo uno phazi silinaterereke. Ataimirira padenga anaona Ngcobo ndi anyamata ake akulowera kumsewu kukadikira takisi. Anagogoda maiki ndi chala, masipika n'kuyankha.

"Ndisanayambe, pali munthu wandifunsa funso, ndipo poyamba paja ndinalumpha mwambo." Mawu anamveka mpaka kumsika. Kumsewu kuja munthu wa malaya achikasu anaima, makiyi akulendewera m'dzanja. "Amene mukumumvayu ndi Davide Kachingwe, mwana wa ku Bembeke, m'boma la Dedza, ku Malawi. Akuluakulu, kokani makabudula. Mpira wayamba."